Kutsokomola kwa Malume

Chete ankapaka polishi jombo za malume ake pakhonde, pang'onopang'ono, burashi ikungobwerera malo omwewo. Dzina lakuti Chete anamupatsa ndi anzake a kupolisi, poti chaka chonse chimene anagwira ntchito kukhola la agalu, mawu ake ankawadziwa ndi agalu okha.

"Iwe, jombozo ukufuna uzidzionerapo nkhope?" anatero malume ake ali m'nyumba, akumanga lamba. "Bwana wamkulu sadikira munthu. Lero tithane naye galu wakoyo."

Malumewo anali sajeni, mphunzitsi wa agalu onunkhiza, ndipo ndi iwo anamulera n'kumupezera ntchitoyo. Galuyo anali Dontho, wakuda, wa banga loyera pachipumi. Chete ndiye ankamugwira chingwe, kumusambitsa ndi kumuchotsa nkhupakupa. Ntchito ya Dontho inali imodzi: akamva fungo la chamba akhale pansi, apatsidwe kampira kake. Koma mwezi umenewo anali atakhala pansi katatu kudepoti ya mabasi, pa katundu wopanda kanthu. Kachitatu panali pa belo la mayi wina wogulitsa kaunjika. Analing'amba ndi mpeni, zovala zili mbwee m'matope, anthu akujambula ndi mafoni, mayiyo atangogwira pakamwa. Osapezamo ngakhale kanjere. Mayiyo anakadandaula, ndipo bwana wamkulu analamula kuti galuyo ayesedwe. Akalephera, dokotala wa ziweto amubaye jakisoni wosadzuka naye.

Chimene Chete ankachidziwa sanauzepo munthu. Pophunzitsa ankandandalika zitini zisanu ndi chimodzi pabwalo, ndipo wobisa chamba m'chitini chimodzi anali malume okha, tsiku ndi tsiku. Akatero ankaima kumbuyo, manja kumsana. Galu akayandikira chitini chenichenicho, malume ankatsokomola pang'ono, kapakhosi chabe, eni ake osadziwa. Dontho sanali wopusa. Mphuno kuivutitsiranji pamene yankho likuchokera kumbuyo? Kudepoti nakonso, malume akaona munthu amene nkhope yake sinawasangalatse, pakhosi pankawayabwa.

Atafika kubwalo la maphunziro anapeza bwana wamkulu atabisa kale chamba okha, zitini zili pamzere.

"Sajeni, inu imani uko, musasunthe. Mtsikana, yamba," anatero bwana.

Chete anataya chingwe pang'ono. Dontho anadutsa chitini choyamba, chachiwiri, chachitatu, mchira ukugwedezeka. Pa chachinayi anachedwa, mphuno ikunjenjemera, kenako anatembenuka kuyang'ana malume. Kunali zii. Anapitirira mpaka kumapeto, anabwerera, anayang'ananso malume makutu ali tcheru. Pomaliza anangoima, lilime lili panja.

Bwana anakankha chitini chachinayi ndi phazi. Kaphukusi kanagwera pafumbi.

"Mwadzionera nokha, bwana," anatero malume akuseka. "Amati galu wamkota sakandira pachabe, koma uyu wayamba kukanda pachabe akadali mwana. Mphuno inafa kalekale. Fungo limene amalidziwa ndi la mbale yake basi. Ine zaka makumi awiri ndili ndi agalu, wotere sindinamuonepo."

"Ndiye kalembeni mapepala. Dokotala abwera Lachisanu." Bwana anatembenukira kwa Chete. "Iwe uli ndi mawu? Kapena ndikufunsa khoma?"

Apolisi awiri amene anakhala pamthunzi anaseka. Malume anayang'ana Chete ndi diso lija lokumbutsa munthu kumene amagona.

"Alibe, bwana. Mwana wa mlongo wanga ameneyu, ulemu anachita kuyamwira."

Dontho anabwera n'kutsamira mwendo wa Chete, maso ali pathumba la kampira. Sanachite kanthu koyenera kampira, koma ankadikirabe. Chete anamusisita pamutu. Ankadziwa kuti akatsegula pakamwa, pobwerera kunyumba akapeza chikwama chake chili panja.

"Ndili nawo, bwana."

Mawuwo anatuluka aang'ono, mpaka bwana anachita kupendeketsa mutu. Chete anakulunga chingwe padzanja kawiri, maso ali pa zitini.

"Fungo analimva. Pa chachinayi anaima, nonse munaona. Amadikira kuti malume atsokomole, poti ndi mmene anamuzoloweretsera. Chaka chonse malume amabisa okha, amaima kumbuyo, galu akafika amatsokomola. Kudepoti anatsokomola galu asanaliyandikire n'komwe belo la mayi uja. Ine ndinali pomwepo, ndinamva, sindinanene kanthu, ndipo mpeni wong'ambira ndinaugwira ndine. Malume, munandilera, zimenezo sindikana. Koma galuyu anaphunzira zonse zimene munamuphunzitsa, sanaphonye ngakhale chimodzi. Ngati pabwalo pano pali wofunika kuyesedwa, si iyeyu ayi."