Shawelo ya Osla ndi Kagalasi Kofunditsa

Kalata inafika pa chilumba cha Yell kumayambiriro kwa Epulo, chaka cha 1989. Inachokera kwa okonza chionetsero cha ntchito zamanja ku Edinburgh. Inati aliyense wofuna kuonetsa zoluka zake atumize kaye masilaidi asanu ndi imodzi, tizithunzi tija toonetsa pakhoma ndi makina, tsiku la 20 Meyi lisanafike.

Osla Mouat anali ataluka shawelo yake nyengo yozizira yonse. Ubweya unali wa nkhosa zake zomwe, ndipo anaunyika mu utoto wa ndere zimene anachita kupala yekha pamiyala ya kuseri kwa khola. Mtundu wake unali pakati pa uchi ndi tiyi wothira mkaka pang'ono. Zaka makumi anayi akunyika ulusi, mtundu umenewu anali asanaupezepo.

Pakhomopo panali kamera imene mwana wawo Ruby anasiya popita ku Edinburgh kukagwira ntchito ya unamwino. Amuna a Osla, a Lowrie, amene anasiya usodzi chifukwa cha bondo, anati kujambula si nkhani. Anapachika shaweloyo pakhoma la khola, mbali yopanda mphepo, kumwamba kuli mitambo thoo, najambula filimu yonse mpaka kutha.

Anatumiza filimuyo kukatsukitsa, ndipo patapita masiku khumi, kabokosi kachikasu kanabwera pa positi. Osla anatulutsa silaidi imodzi nayang'ana pawindo. Anatulutsa ina, kenako inanso.

"Abambo a Ruby, shawelo mwajambulayi ndi ya ndani?"

"Ya ndaninso? Si yanu yomwe?"

"Yanga si yotuwa chonchi. Iyi ikuchita kuoneka ngati yatoledwa m'nyanja."

A Lowrie anavala mandala nayang'ana nthawi yaitali. Maluko onse ankaoneka bwinobwino, diso lililonse la ulusi, koma uchi uja munalibe. Chilichonse chinali ndi kabuluu, ngakhale khoma loyera lija.

"Ndiye kuti atsuka molakwika kumeneko," anatero a Lowrie. "Ine ndinangodina."

Osla anaimba foni ku sitolo ya makamera ya m'tauni ya Lerwick. Anayankha ndi mwini sitolo, bambo Isbister, koma foni inkachita phokoso ndi mphepo. Zimene Osla anamva n'zakuti filimu ilibe vuto, kamera ilibe vuto, chofunika n'kufunditsa basi.

"Ndimadziwa ine," anatero a Lowrie atauzidwa. "Tsiku lija kunali chisanu. Zala zanga zinauma, nanga kamera ilekerenji?"

Anaivundikira ndi sokosi yaubweya naiika pa shelefu ya pamwamba pa mbaula. Osla anaiyang'ana ili pamenepo, mtima wake osakhazikika. Anali ataonapo alendo akujambula mbalame m'chipale chofewa, ndipo sanaonepo wina akuotha moto ndi kamera. M'mawa mwake anakwera pantoni yoyamba, kenako basi, ulendo wa ku Lerwick. Kamera anaisiya ikufundabe.

Bambo Isbister anali munthu wamtali, wolankhula mofatsa ngati m'busa. Atamva za sokosi anatembenukira kukhoma pang'ono, mapewa akugwedezeka, kenako anabwerera ndi nkhope yaulemu.

"Pepani mayi, sindinafotokoze bwino. Chofunditsa si moto. Ndi kagalasi komangirira kutsogolo kwa diso la kamera. Timati fyuluta."

Anatsegula dilowa natulutsa tizibokosi tosalala. Osla ankayembekeza galasi lofiira ngati khala. Chimene anamuikira m'manja chinali kagalasi kozungulira koyera, kongodetsedwa pang'ono ngati kapu imene munali tiyi. Anayang'ana msewu kudzera m'kagalasiko, nakachotsa, nakabwezeranso. Msewu unali womwewo.

"Sindikuona kusintha."

"Simungaone. Maso athu amatinamiza, mayi. Kukakhala mitambo, kapena mukaima pamthunzi, kuwala kumakhala kwa buluu. Diso limakonza lokha, filimu siikonza. Imangonena zimene yapeza."

"Mukuti shawelo yanga ndi yabuluu?"

"Ayi. Kuwala ndiye kwa buluu."

"Nanga kuwala kwa buluu bwanji ine sindikuona? Ndakhala ndikusiyanitsa mitundu inu musanayambe sukulu."

Bambo Isbister anavomera kuti zimenezo n'zoona, nayamba kutchula manambala. Panali 81A, wofooka. Panali 81C, wamphamvu. Pakati pawo panali 81B, ndipo ameneyo ndiye ankafunika pa mitambo ya kuno. Osla anafunsa kuti nanga 80 ndi 82 ali kuti. Anamuyankha kuti amenewo ndi oziziritsa, asawaganizire n'komwe.

"Ndipatseni B yemweyo."

"B ndilibe. Ndikaitanitsa abwera pakatha masabata atatu, mwina anayi. Komanso kukamwa kwa kamera yanu n'kotani?"

Osla sanadziwe kuti kamera ili ndi kukamwa. Anabwereka foni ya m'sitolomo naimbira kunyumba. A Lowrie anapita kukavula kamera sokosi, nabwerera akupuma mwamphamvu.

"Pali 50. Palinso 1.8."

"Akuti si zimenezo."

"Pali mawu achijapani."

"Akuti muyang'ane kazilo kodulidwa pakati."

"Kazilo kodulidwa? Amake Ruby, munthuyo ali bwinobwino?" Anaitembenuzatembenuza kamera ija. "Eya, kalipo. 49."

Wa 49 analipo A yekha. C analipo wamkulu, wa 58, wosamangika. Bambo Isbister anati atenge onse awiri, wamkuluyo azingomugwira ndi zala kutsogolo kwa kamera, adzabweze amene sanamuthandize. Anamuuza kuti ajambule zina popanda kanthu, zina ndi A, zina ndi C, ndipo azilemba papepala chithunzi chilichonse. Anawonjeza kuti dzuwa likatuluka achotse C, chifukwa zonse zidzakhala zachikasu.

M'basi pobwerera, Osla ankayang'ana nkhosa m'mapiri kudzera mwa C. Zinkaoneka zofiirira pang'ono. Akachotsa galasi, kwa kanthawi dziko lonse linkaoneka labuluu, kenako n'kubwerera mwakale. Anachita zimenezi kangapo mpaka mutu unayamba kumuwawa.

Loweruka anapachikanso shawelo pakhoma lija. A Lowrie anagwira kamera, Osla anagwira pepala ndi pensulo. Zithunzi khumi zoyambirira zinayenda bwino. Atafika pa C, panafunika dzanja lina logwira galasi, choncho Osla anatsindira pepala ndi mwala. Mphepo inakweza ngodya ya shawelo, iye nathamanga kukaikonza. Pobwerera, a Lowrie anali atadina kawiri kapena katatu, sankakumbuka. Kenako mitambo inang'ambika, dzuwa linazungulira khola n'kugwera pa shawelo.

"Anati dzuwa likatuluka tichotse," anatero Osla.

"Tichotse uti?"

"C."

"Nanga A, amene ali pakamerayu?"

Osla anayang'ana. A anali womangirirabe. Ndiye kuti nthawi yonseyi ankajambula ndi onse awiri pamodzi, ndipo za zimenezo bambo Isbister sananenepo kanthu. Asanagwirizane chochita, dzuwa linalowanso m'mitambo. Atanyamula mwala uja, anapeza pepala litanyowa, manambala atafufutika theka.

Kabokosi kachiwiri kanafika pa 12 Meyi. Osla anayala masilaidi onse pathebulo pafupi ndi windo. Panali mashawelo abuluu, otuwa, a mtundu wa mchenga, a uchi, ndi ena ofiirira ngati malalanje. Onsewo anali shawelo imodzi. Anakatenga yeniyeniyo kuti afanizire. Pawindo la kukhitchini inafanana ndi silaidi ya nambala 14. Atapita nayo kuchipinda, kumene windo limayang'ana kunyanja, inafanana ndi ya 9. Atayatsa getsi, inafanana ndi ya 27.

Anakhala pansi shawelo ili pamiyendo.

"Abambo a Ruby, shawelo iyi ndi yamtundu wanji?"

"Yabulauni."

"Bulauni wake uti?"

"Wa shawelo yanu. Mukufuna tiyi?"

Masiku awiri ankangoyenda nayo m'nyumba, kuchoka pawindo ili kupita pawindo lina. Ngakhale ulusi wina wa m'dengu, umene ankaudziwa ngati ana ake, anayamba kuukayikira. Tsiku lachitatu nthawi inamuthera. Anasankha asanu amene ankaoneka apakatikati. A Lowrie anatola yachisanu ndi chimodzi, ya 31, yomwe dzuwa linali litagwera pa ulusi.

"Imeneyo ikunama," anatero Osla.

"Koma ndi yokongola. Ndipo ndajambula ndine."

Osla anaiika mu envulopu chifukwa chotopa kukangana.

Yankho linabwera mu Juni. Shawelo inali italandiridwa. M'munsi mwa kalata, mayi wina wa m'komiti anawonjeza ndi cholembera kuti onse anachita chidwi ndi mtundu wagolide wa pa silaidi ya 31, ndipo akufuna kuika chithunzicho pa chikuto cha kabuku ka chionetsero.

Osla anawerenga kawiri. Anayang'ana shawelo ili pampando. Golide panalibe.

Madzulo a tsikulo anatulutsa mphika wake wonyikira ndi thumba la makoko a anyezi amene ankasunga. Makoko a anyezi amapereka chikasu chowala. Kungoviika kamodzi, shawelo ikanafanana ndi chithunzi. Madzi anawira, nasanduka ofiirira. A Lowrie anaima pakhomo akumuyang'ana. Osla anagwira shawelo pamwamba pa nthunzi mpaka manja anatentha. Anakumbukira masiku amene anagwada pamiyala akupala ndere ndi supuni. Anaphula mphika, naponyamo masokosi akale a amuna ake kuti utoto usapite pachabe.

Shawelo anaitumiza momwe inaliri, ndi kakalata: "Pepani, shaweloyi si yagolide. Chithunzi chija tinajambula ndi magalasi awiri ofunditsa dzuwa lili kuwala, mosadziwa. Ngati simuifuna, ibwezeni, sindidandaula."

Sanamuyankhe. Masabata asanu ankayembekeza phukusi lobwerera, koma wapositi ankangobweretsa nyuzipepala. Mu Ogasiti, tsiku lotsegulira chionetsero, Ruby anaimba foni atangotuluka m'holo.

"Amayi, aipachika pakati penipeni. Anthu akuima pamzere."

"Ikuoneka bwanji?"

"Ngati pakabuku ndendende. Yagolide."

"Ruby, usandisangalatse. Shawelo ija si yagolide."

"Ndaiona ndi maso angawa. Aiunikira ndi magetsi atatu kuchokera kudenga. Ndinafunsa mayi wa m'komiti za kakalata kanu, akuti sanamvetse chimene mumapepesa."

Osla anaika foni pansi pang'onopang'ono. A Lowrie anali pampando wawo, atatambasula bondo, kumapazi kuli masokosi achikasu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi yagolide."

"Ndiye kuti ndinajambula bwino."

"Munajambula molakwika."

"Nanga zatheka bwanji?"

Osla anaganiza zoimbira bambo Isbister, koma anadziwa kuti ayambanso manambala. Anavala jekete, natenga ndowa ya chakudya cha nkhuku.

"Mukandifunse mawa," anatero, natuluka.