Mlamu Wolizira Tebaini

Tebaini ya gasi, chiinjini chopukusa magetsi a fakitale yonse, itatha kukonzedwa inangoti zii. Makaniko wamkulu, amene anzake ankamutcha Sipanala, anadina batani mpaka chala kuwawa. Anayeza mabatire, anamasula sitata, anapukuta mapulagi, anatukwanako pang'ono. Chiinjini osatsokomola n'komwe.

Mkati mwa chipwirikiticho munatulukira mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, kudzapempha kiyi wa kunyumba. Munthuyu anali lova wa chimimba, ndipo anamanga msasa pa sofa ya Sipanala kalekale. Tisabise, Sipanala ankamuona ngati chikanga. Atatopa kuimirira, mlamu anatsamira chitseko cha chipinda cha injini. Sipanala anadinanso batani mwaukali, chiinjini n'kulira.

Mlamu atasuntha, chinazima. Atatsamiranso, chinalira. Injiniya wa pafakitalepo anayesa kutsamira, koma anali wowonda ngati waya, sizinatheke.

Sipanala anaona msanga pamene panali vuto. Pachitseko pali kaswichi koletsa injini kulira ngati sichinatsekeke bwino, ndipo iye mwini anakabwezera mopendama. Inali ntchito ya bawuti imodzi. Koma bwana wa fakitale, amene ankaonerera zonsezi, anali atayamba kale kulankhula ndi mlamu uja.

"Achimwene, mumagwira kuti?"

"Ndikupumako kaye, bwana," anatero mlamu.

"Mwalembedwa ntchito. Musasunthe."

Sipanala anaona mwayi. Munthu wa malipiro amapeza nyumba yakeyake! Anayang'ana bawuti ija, naisiya momwemo.

Mlamu anapatsidwa chipewa cholimba ndi nsapato zachitsulo, nayamba kutsamira mwaukadaulo. Oyendera zida anamumata nambala paphewa. Kukantini analamulidwa kuti azimuwonjezera mbale, kuopa kuti angaphwe. Mwezi utatha anapezadi chipinda chalendi, ndipo Sipanala anamunyamulira yekha chikwama, akuimba mluzu njira yonse. Madzulo ake Sipanala anagona pa sofa yake chagada, misozi yachimwemwe ili mbwee.

M'mawa bwana anamuitana mu ofesi.

"Bambo Sipanala, chida chilichonse pano chili ndi sipeya. Mlamu wanuyu akadzatsegula m'mimba, titseke fakitale?"

"Sadwaladwala, bwana."

"Ndalankhula ndi mayi akunyumba kwanu. Akuti mlamu wanuyu ali ndi mng'ono wake, wonenepa kuposa iyeyu. Tamutenga. Koma sipeya salandira kanthu mpaka tsiku limene adzamangidwe pa injini, ndipo kusitolo kwathu kulibe bedi. Mukamusunge kwanu, pouma, ndipo asatsike sikelo."

"Bwana, inetu ndikuona ngati ndi kaswichi chabe..."

Bwana anavula magalasi. "Kaswichi? Mukundiuza kuti mwakhala mukudziwa, ine ndikulipira munthu wotsamira chitseko? Wotero ndiye ndimachotsa lero lomwe."



"Ayi bwana, ndimangolota. Afika liti sipeyayo?"

"Ali pageti. Mupite ndi wilibala, abwera ndi mkazi ndi ana."