Foni Itsale Pano

Tawina anafika ku Kandeu mu Juni ndi chikwama chimodzi, foni yong'aluka pakona, ndi mabuku atatu omwe sanawatsegule n'komwe. Mwana wa m'tauni, wa ku Lilongwe. Ntchito yake inali kulemba nkhani pa tsamba lake la Fesibuku. Tsambalo linali litafooka. Akalemba za mabuku, owerenga khumi ndi awiri. Akalemba za ngozi ya pamsewu, zikwi. Zinkamutopetsa, koma ankalembabe.

Kuno anadzera china. A Fanizo Ngozo, nkhalamba yotsogolera nyimbo za gule wa ngoma, anali atavomera kuti aziwajambula mawu. Nyimbo zakale zachingoni, zomwe ovina ambiri amangoyimba osadziwa tanthauzo lake. A Fanizo ankadziwa. Ankayimba mzere umodzi, kutsokomola, n'kumasulira. Miyezi itatu pakhonde pawo. Nyimbo makumi anayi ndi imodzi, zonse m'foni imodziyo, kwina kulikonse kunalibe. Netiweki ya kumeneko inkangokwanira kutumiza kachithunzi, osati mawu a maola ambirimbiri. Buku lake loyamba linali m'menemo.

Lachitatu lina m'mawa anafika monga mwa masiku onse. Mpando wa a Fanizo unali wopanda munthu. Amayi atatu anali atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe, ali chete. Obed, mwana wamwamuna wa a Fanizo, ankalimbana ndi njinga yamoto yokana kulira.

"Madala atisiya m'bandakucha," anatero motsitsa mawu. "Ndikupita ku Lizulu, kwa asisi."

Tawina analira pang'ono. Kenako manja anachita zomwe anazolowera. Anasankha chithunzi chabwino, a Fanizo atavala nthenga kumutu, chishango kumanja. Analemba mizere isanu. Anatumiza. Sanadzifunse chifukwa chake amayi aja sankalira mokweza.

Pofika naini koloko anthu mazanamazana anali atagawana uthengawo. Foni inkangonjenjemera. Tsamba lake linali litadzuka, koyamba chaka chonsecho. Mtima unasangalalako, ndipo anachita nawo manyazi.

Lufina anafika masana, yekha, osati pa njinga ya Obed. Mwana woyamba wa malemu, wogulitsa mbatatesi pa msika wa Lizulu. Chitenje chake chinali chidakali ndi dothi la kumsika. Analowa m'nyumba. Analira. Anatuluka, n'kufunsa, "Wolembayo ndi uti?"

Anaitanira Tawina kuseri kwa khola.

"Ndinu a Tawina?"

"Ndine, mayi. Pepani kwambiri ndi..."

"Ndimathira mbatatesi m'ndowa, kasitomala ali chiimire. Mnzanga wa tomato akundiyika foni kumaso. Ati, Lufina, si bambo ako awa? Avala nthengawa?" Anapumira m'mwamba. "Ndagwera pa mbatatesi zanga zomwe, msika wonse ukuonerera. Obed wafika ine nditakwera kale. Wakapeza ndowa zokhazokha."

"Ndimafuna kuwalemekeza."

"Kuwalemekeza! Kwanuko maliro mumalengeza ngati zigoli za mpira? Munthu amatumidwa, mayi. Amafika, amakuchotsa pagulu, amakukhazika pansi. Mumayesa amayi aja anali chete chifukwa alibe misozi? Amadikira eni ake amve kaye."

Lufina analoza foni ya Tawina.

"Akuti mawu a bambo ali m'menemo."

"Eee. Nyimbo zonse."

"Bweretsani. Ndi manambala ake otsegulira."

Anapereka foniyo ndi manja awiri. Anatchula manambala.

"Zoti ndifufuta kapena ayi, ndiona ndekha," anatero Lufina, akumangirira foniyo pansonga ya chitenje. "Kwatsala munthu mmodzi. Azakhali, a Regina, ku Nsipe. Mlongo wawo wa bambo. Alibe foni, mwayi wawo. Obed akuthamangira za bokosi. Inu akukudziwani, munadyera nawo limodzi pano mu Julaye. Si mumakonda kufulumira ndi uthenga? Pitani. Ndi pakamwa. Foni itsale pano."

Tawina anakwera njinga yamoto mpaka pa tala. Fumbi la Seputembala linamulowa m'mano. Kenako minibasi, mawondo atapanikizika ndi thumba la kabichi. Dzanja linkapita m'thumba n'kubwerako lopanda kanthu. Kasanu. Kakhumi.

Pa Boma minibasi inaima theka la ola, kondakitala akukuwira anthu omwe kunalibe. Mayi wokhala pambali pake ankaseweretsa foni. Tawina anasuzumira. Nsapato zogulitsa. Vidiyo ya munthu akugwa pa njinga. Kenako a Fanizo, ndi nthenga zawo, ndi mizere yake isanu ija. Chala cha mayiyo sichinaime n'komwe. Chinangowakankhira m'mwamba.

Apo m'pomwe mantha anamugwira. Uthengawo unali patsogolo pake. Ku Nsipe kuli mafoni, kuli adzukulu, kuli oyandikana nawo apakamwa pachangu. Ankathamangitsana ndi mawu ake omwe, iye ali m'minibasi yoima.

Nyumba anaipeza kuseri kwa tchalitchi, monga anamulozera. Panali bata. A Regina anali pamphasa, akusankha nyemba palichero.

"Odi kuno!"

"Eee, mtsikana wa nyimbo uja! Fikani, fikani. Kamakina kanu kaja kali kuti lero? Kapena mwabwera kudzajambula ine? Mawu angatu ndi a khwangwala."

Anali asanamve. Tawina anakhala pansi. Moni anatenga nthawi yake. Za ulendo, za dzuwa, za mwendo wa a Regina womwe sukumva mankhwala. Iye ankangoyankha. Kenako funso lija linafika.

"Nanga kumudzi mwasiyako bwanji?"

Mizere isanu ija anailemba mphindi ziwiri. Apa anayambira kutali.

"Kumudziko sikuli bwino kwenikweni, agogo. Andituma a Lufina."

Manja anaima m'lichero.

"Achimwene?"

"Chifuwa chija chinakula."

"Ali kuchipatala?"

"Ayi."

Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha nyemba. Palibe anaiingitsa.

"Nenani, mwana wanga. Mwayenda mtunda."

"Atisiya m'bandakucha."

A Regina anaika lichero pambali, bwinobwino, kuti nyemba zisatayike. Anagwira dzanja la Tawina. Kenako analira, kulira kwa munthu wotsala yekha m'mimba mwa mayi ake. Oyandikana nawo anatulukira mmodzimmodzi. Dzanjalo sanalisiye. Pa tsamba uthenga ukautumiza, wathana nawo. Uwu unkamufinya zala, ndipo panalibe pothawira. Anakhala pomwepo mpaka kulira kutatsika. Anathandiza kulonga zitenje m'chikwama. Anafunafuna nsapato imodzi ya a Regina pansi pa bedi.

Anafika ku Kandeu dzuwa litapendeka. Tsopano maliro ankamvekera kumsewu. Amayi ankalira momasuka, pakuti eni ake onse anali atamva. Amuna a zishango ankasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Lufina analandira azakhali ake n'kulowa nawo m'nyumba. Tawina anatsala panja, atatsamira nkhokwe. Msana unkawawa. Chidzukire anali asanadye.

Patapita nthawi Lufina anatuluka. Maso atatupa.

"Azakhali akuti munakhala pansi kaye."

"Ndinakhala."

"Akuti simunafulumire."

Lufina anamasula nsonga ya chitenje. Foni inali yozima.

"Batire ndamaliza ndine. Chimene munalemba chija ndafufuta, ngakhale kwinaku akuti chafalikira kale. Ndimati ndifufute zonse. Ndatsegula nyimbo imodzi kuti ndione kuti n'chiyani." Anayang'ana foniyo. "Bambo akutsokomola. Akukukalipirani, ati mwana iwe makutu ako ndi a m'tauni, bwereza." Pakamwa pake panagwedezeka, ngati kuseka, ngati ayi. "Ndimo mmene ankatikalipira ifenso."

"Ndiye nyimbozo..."

"Zilimo. Koma mumve. Buku lanulo, asanalione a m'mafoniwo, mudzayambe mwakhala pakhonde apa n'kutiwerengera ife. Ine, Obed, azakhali. Tikadzati apa ayi, ndi ayi."

"Ndamva, mayi."

"Zitenga nthawi. Ine Lachitatu ndi Loweruka ndimakhala kumsika."

"Ndidzadikira."

"Tidzaona." Anamuponyera foniyo m'manja. "Ndiye musangoima ngati mlendo. Madzi atha m'migolo."

Pansi pa mango mmodzi anayambitsa nyimbo. Tawina anaidziwa. Ya nambala seveni, yomwe a Fanizo anamubwerezetsa kanayi. Amuna anavomera. Mapazi anaponda pansi pamodzi, fumbi linakwera, dzuwa likulipyoza cham'mbali. Chinali chithunzi chabwino kuposa zonse zomwe anajambulapo.

Dzanja linapita m'thumba. Linakhudza foni yozima ija, n'kubwerako. Anatola ndowa, n'kutsatira amayi a kumjigo.