Thadzi Lomeza Mchombo

Chaka chimene nkhondo ya ku Mozambiki inkakhuthulira anthu ku Thambani, Damiao ndi mkazi wake Piedade anapatsidwa kamalo kuseri kwa khola la a Jailosi. Piedade anadutsa malire ali ndi pakati potopa kale. Sikelo sanayende nthawi yaitali, matenda anamuyamba, ndipo anachira mwana wamwamuna kuchipatala cha pafupi ndi msika.

Anamwino, a Liness, anam'tulutsa ndi malangizo. "Pamchombo musapakepo kanthu, mwamva mayi? Phulusa ayi, ndowe ayi. Pazikhala pouma, ugwa wokha. Liwombo likamagunda musachite mantha. Mkaka woyamba wachikasuwo musafinyire pansi, ayamwe mwana."

Pa zonsezo Damiao anangotolapo za mchombo. Kwawo, mchombo ukagwa amaukwirira patsinde pa mtengo wa pakhomo, kuti mwana akadzasochera adzadziwe kobwerera. Wake unali pansi pa mango a bambo ake, kuseri kwa mapiri. Ndiye wa mwana wake woyamba ukwiriridwe pakhomo pa eni, pafupi ndi khola? Zimenezo anakaniratu mumtima.

M'chikuta mwamuna salowa, choncho m'mawa uliwonse ankaima pakhomo n'kufuula, "Wagwa?" A Flossie, akazi a Jailosi, amene ankasamala Piedade, ankayankha kuti, "Sunagwe, kazipitani!" Tsiku lina anatuluka ndi kansanza kokulunga. "Nawu mchombo wanuwo. Mwatisowetsa mtendere."

Munthu wanzeru akanangouika m'thumba. Koma Damiao anakhala pakhonde, n'kumasula kansanzako kuti awone. Kanali kanthu kakuda, kouma, ngati mphutsi yofa ndi dzuwa. Akukayang'anitsitsa choncho, thadzi la a Jailosi, la khosi lopanda nthenga, linangoti jompho! Linameza, n'kupukuta mlomo pansi ngati palibe chachitika.

Damiao analira ngati wapsa ndi moto. Analithamangitsa kuzungulira nkhokwe, n'kuligwirira m'khola la mbuzi.

"Kodi mwayamba kuba nkhuku masana, achimwene?" anafunsa a Jailosi.

"Kompadre, m'bale wanga, mwana wanga ali m'kati umu!"

Atamva nkhani yonse, a Jailosi anati angolipha n'kung'amba nthutumba. Damiao anakana. Mpeni pa mchombo wa mwana wamoyo? Iye anali ndi nzeru ina, ndipo anaikhulupirira zedi: cholowa chimatuluka. Akangolifikitsa thadzilo ku Mozambiki lisanachite chimbudzi, basi, akwirira pomwe patagwere zitosi.

Analikolekera m'khwapa, chala china atatseka kumchira, n'kuyamba ulendo. Njira yonse ankalinyengerera. "Pirira, mayi. Tatsala pang'ono." Thadzilo linkangomuyang'ana ndi diso limodzi.

Aliyense amene ankakumana naye ankachokera kumene iye ankapita. Amayi osenza mitolo, ana otupa mapazi, nkhalamba pa wilibala. Ankam'patukira ngati wamisala, ndipo kunena zoona sankalakwitsa kwenikweni. Atatsikira pakamtsinje kamene anthu ankati ndiye malire, anamva wina akumuitana. Anali Mauro, mnzake wa mudzi umodzi, atawonda mpaka Damiao anam'zindikirira mawu okha.

"Ukupita kuti ndi nkhuku, iwe?"

"Kwathu. Kukakwirira mchombo pa mango a bambo."

Mauro anayang'ana thadzilo, n'kuyang'ana mnzakeyo. Sanaseke. "Mango ake ati? Anadula asilikali, anawotchera nyama. Nyumba zonse ndi phulusa. M'njira atchera mabomba, mbuzi zikungophulika zokha. Kulibe kwathu, Damiao. Ine ndine womaliza kuchokako."

Damiao anaima m'mphepete mwa madzi. Tsidya linali pompo, mwala ukanafika. Manja anafooka, chala chija chinachoka pamalo pake. Pomwepo anamva kufunda m'nthiti. Thadzi linali litamasuka, zonse zimene linasunga ulendo wonse, pa malaya ake amodzi okhawo, olandira kwa achithandizo.

Anayang'ana chitosicho nthawi yaitali. Kenaka anatembenuka, n'kumutenga Mauro, kubwerera ku Thambani, akuyenda mosamala kuti kanthu kasagwe m'njira.

Dzuwa likupendeka anafika pakhomo. Piedade anasuzumira pachitseko cha chikuta, mwana ali kubere. "Mwakwirira kuti?"

"Sindinakwirire. Uli pano," anatero Damiao, akuloza pamalaya.

A Flossie anagwira pakamwa kuti asaseke, koma zinakanika. A Jailosi analandira thadzi lawo, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu. Anapita pa mtengo wa manachesi umene unali pakati pa bwalo lawo, osati kuseri kwa khola, n'kuyamba kukumba.

"Ya ana anga onse ili pansi pomwepa," anatero. "Malo alipo."

Damiao anavula malaya aja, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika m'dzenjemo. Anakwirira ndi manja, misozi ikugwera padothi. Kenaka anaimirira chifuwa chili pamtunda, pakati pa bwalo la eni, n'kufuulira kuchikuta kuti, "Piedade, umuuze mwanayo kuti kwawo ndi kuno."