Pepala Limene Linatsagana ndi Jekete

"Nanga waitibuku ili kuti, amayi?"

Mtsikana wa pa ofesi ya inshuwalansi, amene kabaji ka pachifuwa pake kanali ndi dzina loti Vera, anafunsa maso ali pa kompyuta. Felistus anakhuthula chikwama chake patebulo: chitupa cha mwamuna wake, kalata ya imfa, ndi kapepala ka apolisi konena kuti galimoto anaigwira. Anaziyala mosamala ngati nsalu ya paguwa.

"Vonse vamene nili navo ni ivi, mwana wanga."

"Nikamba pepala lamene lionetsa mwine wa motoka. Popanda ija sitingalembe inshuwalansi, ndipo bapolisi sibazakupatsani motoka ilibe inshuwalansi."

Panali patapita masiku asanu chiikireni mwamuna wake Abraham m'manda. Mwamwambo Felistus anayenera kukhala ali pamphasa kunyumba ku Kanyama, akulandira odzapepesa, koma anazemba m'mamawa azimayi a mpingo akutsuka mbale. Galimoto imeneyo, Korola yakale imene Abraham ankanyamulira anthu, ndiyo inkadyetsa ana awo atatu. Apolisi anaigwira Lachisanu pamsewu, inshuwalansi itatha masiku atatu okha. Abraham anati akakonza Lolemba. Lamlungu atachoka kutchalitchi anavula jekete, anaikoloweka kuseri kwa chitseko, anati mutu ukumuwawa, ndipo Ambuye anamuitana dzuwa lisanalowe.

Felistus anatseka maso kuti akumbuke kumene pepalalo linkakhala. M'sutikesi ayi, poti madzi a chaka chatha atalowa m'nyumba mapepala onse anawasamutsa. Kenaka anamva mawu a mwamuna wake a Loweruka lija, akusisita pachifuwa: "Naika muno mu thumba ya mukati, amake Karen, kuti Mande nisaibale."

Jekete yakuda ija. Anaichotsa yekha kuseri kwa chitseko, anaisasa fumbi, napatsa amuna okaveka mtembo, chifukwa ndiyo imene Abraham ankaimirira nayo pamaso pa Mulungu sabata lililonse.

"Amayi, muli bwino?" Vera anadzuka namutungira madzi m'kapu.

"Pepala ili kumanda," anatero Felistus. "Naiika neka."

Vera anafotokoza pang'onopang'ono. Pepala lina likhoza kutuluka ku ofesi yoona za magalimoto, koma popeza mwini wake anamwalira, wokalitenga ayenera kukhala munthu amene khoti lamusankha kuyang'anira katundu wa malemu. Ndipo kukhoti amafuna abale agwirizane.

Felistus atafika kunyumba anapeza a Chrispin, achimwene ake a Abraham ochokera ku Matero, atakhala pampando wa malemu pakhonde. Anagwada chapatali nawafotokozera zonse, osabisa kanthu.

"Mulamu, mulamu," a Chrispin anapukusa mutu. "Mwathawa pa maliro monga kamtsikana, anthu bakufunsa kuti mfedwa ali kuti. Lomba mubwela na nkhani yakuti munaika motoka mu bokosi pamodzi na mufana wanga. Titenge makasu tikafukule?"

"Sininadziwe, ba mulamu. Mutu unali suli wanga."

"Ndiye chifukwa chake vinthu ivi visunga amuna. Banja inakamba kale, ku khoti kuzalembedwa dzina yanga. Motoka tizagulitsa, alipo munthu ku Matero aifuna. Bana tizabaona."

"Mukagulitsa tizadya mwezi ungati? Ikakhala pa msewu, Given wa ku tchalitchi angayendetse. Karen ali mu giredi naini."

"Given ni ndani pa banja ino? Ngati mufuna dzina yanu, kakanganeni na ise ku khoti. Muzaona ngati mulandu uzatha chaka chino."

A Chrispin sanali munthu wankhanza chibadwire. Ndi iwowo amene anathamangira bokosi, ndipo kumanda analira mpaka kugwa. Koma chisoni chimalowa mwa anthu mosiyana, ndipo mwa a Chrispin chinasanduka kuuma khosi.

Sabata yonseyo Felistus anayenda. Anapita kwa abusa, amene anapemphera naye nalonjeza kulankhula ndi banjalo. Analankhuladi, koma a Chrispin anati za mpingo zithere ku mpingo. Anabwerera kwa Vera kukapempha kuti alembe ndi chitupa chokha, mtsikanayo nati akatero ntchito imuthera. Anapita kukhoti nakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, mlembi namuuza kuti abale akatsutsana nkhani imadikira tsiku lake. Pobwerera ankaimba chamumtima nyimbo za pamaliro. Sanaleke kukhulupirira kuti Mulungu amaona akazi amasiye. Chimene sanadziwe n'chakuti akaona amafulumira liti.

Lachinayi mvula itakata, anapita kupolisi pamodzi ndi a Chrispin. Wapolisi woyang'anira bwalo la magalimoto ogwidwa, a Mukuka, anawatsogolera kudutsa maminibasi ophwanyika mpaka pa Korola ija. Matayala awiri anali ataphwa. Madzi anali atafika m'munsi mwa zitseko, ndipo pagalasi panamatirira masamba.

"Ine nilibe mphamvu, mayo," anatero a Mukuka. "Bweretsani inshuwalansi, nikupatsani makiyi lero lomwe. Koma ikakhalitsa muno izaola, olo izapita ku okishoni kukagulitsidwa. Onani ija." Analoza chigoba cha galimoto chimene udzu unamera m'kati mwake. "Nayonso bene bake banali kukangana."

Felistus anayang'ana chigobacho, nayang'ananso galimoto ya mwamuna wake. Akalimbana, mlandu ukatha galimoto itafanana ndi iyo. Akagonja, ipita ku Matero, ndipo ana adzaona chimene a Chrispin adzakonde kuwapatsa. Njira yachitatu anaifunafuna m'mapemphero a sabata yonse ndipo sanaipeze.

"Ba mulamu," anatero motsitsa mawu, "lembetsani dzina yanu. Nizasaina."

A Chrispin anakhosomola. Ankayembekezera mkangano, ndipo utasowa anasowanso poika maso.

"Tengani vanu vili mukati," anatero a Mukuka, natsegula buti.

Munalibe zambiri: jeke, chigubu cha madzi, ndi thumba lalikulu la saka lomangidwa pakamwa. Felistus analimasula. Munali majombo a mphira, mapeya asanu ndi limodzi, aakulu ndi aang'ono, ena omatidwa zigamba za chubu cha njinga. Sanawaonepo chikhalire.

"Ivi ni va ndani?" anafunsa a Chrispin.

A Mukuka anasuzumira, kenaka anavula chipewa. "Kansi ni aja bamdala ba majombo? Na ine nikhala ku Kanyama. Motoka ikafika pamene msewu wasila na madzi, benze kubweleka bapasenja majombo kuti bafike pa nyumba. Benze kubapelekeza, babwela nayo mu manja. Bamayo banga banavalapo pochoka ku kiliniki. Sibanalipilitse olo kamodzi."

Felistus anabweza majombowo m'thumba, nalisenza pamutu, ndipo anasiya galimoto osacheuka.

Kunja kwa geti madzi a mvula anali atadzaza msewu wonse, akuda, oyandama mapepala ndi mabotolo. A Chrispin anaima m'mphepete akuyang'ana nsapato zawo zopolishidwa, akufunafuna mwala woti apondepo. Felistus anatula thumba pansi. Anasankha peya yaikulu, anaipukuta matope ndi nsonga ya chitenje chake chakuda, ndipo anagwada naiika pamapazi pawo.

"Valani, ba mulamu," anatero. "Madzi aya ni oipa."