Mawu Amodzi mu Laibulale ya Tapani

"Zimenezi unatumiza liti?" anafunsa Outi, akutembenuzira laputopu kwa mlongo wake wamng'ono.

Jyrki anali akutafuna banzi lotsala pa khofi wa pamaliro. Anasuzumira pagalasi pang'ono, n'kubweza maso m'mbale.

"Tsiku lalembedwa pamenepo, achemwali. Kuwerenga mumatha."

"Ndawerenga kumene. Bambo ali mufiriji kuchipatala, ife tikusankha bokosi, iwe uli pakona kulemba izi!"

Bambo awo, Tapani Rautio, anasamala kwa zaka zambiri laibulale yaing'ono yojambulira mapu, osati ya mabuku koma ya pakompyuta, ija opanga mapulogalamu a pakompyuta amangotenga mwaulere n'kuimangira m'mapulogalamu awo. Sanalemere nayo. Anangokalambira nayo m'kachipinda kawo kuno ku Oulu. M'fayilo yomangira laibulaleyo munali mzere wonena za gawo lolumikizana ndi intaneti, ndipo pamzerepo Tapani analembapo mawu amodzi akuti losankha. Wofuna intaneti ankaliphatikiza gawolo. Wosafuna ankalisiya, mapu n'kumatuluka m'mafayilo a m'kompyuta yake yomwe.

Jyrki anafufuta mawuwo n'kulembapo akuti lokakamiza. Anasinthanso zina kuti laibulale iziyamba yafunsa pa intaneti isanajambule ngakhale msewu umodzi. Chinatsala n'chakuti munthu wachilolezo avomereze, ndipo chilolezocho Tapani anasiyira Outi yekha. Laibulale yatsopano inayenera kutuluka tsiku lomwelo.

Chomwe chinamuwiritsa mtima Outi ndi zimene anthu ogwiritsa ntchito laibulaleyo analemba pa intaneti pansi pa pempho la Jyrki loti kusinthako kuvomerezedwe. Aliyense ankayamba ndi kachithunzi ka kandulo. "Pepani kwambiri, Tapani anali munthu wabwino. Kusinthaku ndikugwirizana nako." Wina anafika polemba kuti mzimu wawo uuse mumtendere ndipo tsopano ntchito iyenda mwachangu, zonsezo mumzere umodzi. Anthu opanda manyazi! Tapani ali moyo, omwewa ankawatcha mphunzitsi ndipo ankabwerera chamumbuyo akangokanidwa. Lero apeza poponyera voti, pamwamba pa chipepeso.

"Ukudziwa kuti nkhani imeneyi Bambo anaikana kangati?" anatero Outi.

"Ndikudziwa kuposa inu. Ndinalipo."

"Ndiye unadikira kuti atseke maso."

Jyrki anakankha mbale. "Tandimverani. Mawu amodzi aja amatanthauza kumanga laibulale kawiri, kuyesa kawiri, kuyankha madandaulo kawiri. Maso a Bambo atayamba kuvuta, ankachita zonsezo ndani? Ine. Ndikaweruka kuntchito ndinkabwera kuno kudzawawerengera zolakwika, iwo ali phee pampando, kumangoti ayi, ayi. Inu munkatulukira pa Khirisimasi, mutanyamula chokoleti cha ku Helsinki."

"Usandinyoze, Jyrki."

"Koma chilolezo anapatsa inu."

Mawuwo anatuluka motsika, ndipo Outi anamva kuti pamenepo ndi pomwe panali chilonda. Anamumvera chisoni. Koma chisonicho sichinazimitse mkwiyo, chifukwa munthu akhoza kupwetekedwa koma n'kukhalabe wolakwa.

"Nanga anthu oyeza mitengo kunkhalango za kumpoto, kumene foni imangokhala cholemetsa thumba?" anafunsa. "Nanga makompyuta a m'sitima? Ena mabwana awo salola n'komwe kuti alumikize chingwe."

"Alipo angati anthu amenewo? Tawatchuleni mayina."

"Sindiwadziwa. Bambonso sankawadziwa. Laibulale yawo sinkaulula kwa wina aliyense kuti ili kuti. Ndiye ubwino wake umenewo, chitsiru iwe."

"Ehe, tizivutika chifukwa cha mizukwa."

Mayi awo, Sirkka, anali pasinki nthawi yonseyi akutsuka makapu obwereka kutchalitchi. Chimwalirire amuna awo sankayankhula zambiri. Za makompyuta sankazidziwa ndipo sankafuna kuzidziwa. Anayang'ana panja, pomwe chipale chofewa chinali chitakwirira njinga ya Tapani mpaka pachishalo, kenako anacheuka.

"Kodi yatsopanoyo ikutuluka lero?"

"Inde, Amayi," anayankha Jyrki. "Achemwali akangotsitsa mtima n'kudina batani."

"Sindidina chinthu chimene sindinachione chikugwira ntchito," anatero Outi. "Manga yakoyo. Ine ndimanga ya Bambo. Tiziyang'ane zonse ziwiri patebulo pomwe pano."

Jyrki anatulutsa laputopu yake mwamatama. Kwa kanthawi m'khitchini munangomveka kugogoda kwa zala. Outi ankadziwa kuti wadzitchera yekha msampha. Intaneti ya m'nyumbamo inali yothamanga, ya Jyrki ikanajambula mapu okongola, ndipo iye akanasowa chonena kupatula kuti Bambo sakanafuna. Anthu a makandulo aja mawu oterowo akanangowaseka.

Palibe anaona kuti mayi awo apukuta m'manja n'kutuluka.

"Aa, intaneti yathawa," anatero Jyrki. Anadina uku ndi uku. "Nthawi yake yomweyi!"

Anadzuka kupita m'khonde la m'nyumba, momwe kabokosi ka intaneti kanali pakhoma pamwamba pa nsapato. Outi anamutsatira atanyamula laputopu. Anapeza Sirkka ataima pomwepo, chingwe cha kabokosiko chili m'manja, timagetsi take titazima.

"Amayi, mwatani?"

"Si mwati ikutuluka lero?" Sirkka anawayang'ana modabwa, ngati afunsidwa chifukwa chothirira madzi m'ketulo. "Tsiku lotulutsa, bambo anu ankakuwa ali m'kachipinda kawo kuti, 'Sirkka, zula!' Ine n'kuzula. Ndinkaima pano mpaka akuwenso kuti mapu aoneka. Nsomba zanga zinapserera kangapo chifukwa cha zimenezi."

Ana awiriwo anayang'anana. Jyrki, yemwe ankadzitama kuti analipo, sanadziwepo zimenezi. Tsiku lotulutsa iye ankakhala kuofesi, kudikira uthenga wa Bambo woti zonse zili bwino.

"Ndinawafunsapo kuti n'chifukwa chiyani," Sirkka anapitiriza. "Anangoti kwinakwake kuli munthu amene alibe woti amubwezerere chingwe." Anakweza chibwano kuloza laputopu. "Aoneka?"

Outi anaitembenuza. Mapu anali atadzaza galasi lonse, mtsinje, milatho, ngakhale kamsewu kawo komwe. Mkwiyo womwe anazungulira nawo tsiku lonse unasanduka kulira komwe anakana kukutulutsa.

Jyrki anabwerera kukhitchini. Anakhalitsako. Atatulukira anali atanyamula laputopu yake motsegula, ndipo pagalasi panali poyera, kagudumu kakang'ono kakungozungulira pakati.

"Anga sanaoneke, Amayi."

Sanawiringule. Anaima pakhomo, makutu atafiira, akuyang'ana chingwe chomwe chinali m'manja mwa mayi ake.

"Ndiye ndidikira," anatero Sirkka.

Anasuntha nsapato zomwe zinali pakabenchi, n'kukhala pansi, chingwe chili pamiyendo.