Zenera la Mayi Ake a Lorene

Fani yomwe Marcy, woyendera nyumba wa khonsolo, anamangirira pakhomo inayamba kulira, kukoka mpweya m'nyumba. Ndi mmene timayesera nyumba yatsopano kuno ku Minnesota: ikamalowa mphepo, chikalata chokulola kukhalamo suchiona. A Wendell Haugen, kalipentala wokalamba, ankangofinya chipewa m'manja. Kanyumbako anamangira akazi awo, a Lorene, amene anali gone kuchipatala, atauzidwa kuti masiku awathera. Mayiwo ankangofuna kukatsirizikira pakwawo.

Marcy anayendetsa kautsi m'mbali mwa makoma. Atafika pa zenera lakummawa, la magalasi achikasu ndi obiriwira, utsi uja unabalalika.

"Bambo Haugen, zenera ili ndi sefa."

"Mwana iwe! Lorene ndiye anakuphunzitsa kulemba dzina lako, lero ukukana kulilemba papepala lake? Zenerali linali kukhitchini kwa mayi ake. Ndinalichotsa ndekha nyumba ija asanaigwetse."

"Ndikudziwa. Koma khonsolo yathu inavomereza lamuloli mu Januwale. Zenera lopyapyala chonchi sililoledwa."

"Tsidya la msewu ilo anthu akumanga mmene akufunira!"

"Uko ndi kwa khonsolo ina. Mukanamanga kumeneko bwenzi ndikukupachikirani makatani. Lamulo liposa mphamvu, bambo."

Zenera lovomerezeka likanafika patatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo a Lorene masabata amenewo analibe. Mkuluyo anazula zenera lija, natseka bowo ndi matabwa ndi thonje lotchinga kuzizira. Kenako zeneralo analipachika mkati, pakhoma pomwepo. Ine ndimakhala khomo loyandikana nawo, ndipo kumva hamala ija tsiku limenelo mtima unandiwawa zedi. Marcy atabweranso, utsi unaima chilili. Anasaina osadzutsa nkhope.

Lachisanu masana anabwera nawo a Lorene, nawagoneka pabedi loyang'ana kummawa. Maso awo anali atafooka, koma zeneralo analizindikira. Analiyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuwala kwachikasu kuja komwe kunkagwa patebulo la mayi awo. Magalasi anali bii.

"Wendell, kodi kwada kale?"

Kunja dzuwa linali paliwombo. A Wendell anawakonzera bulangete.

"Eya mayi, kwada. Gonani."

Kenako ananyamuka pang'onopang'ono n'kukatseka makatani a mazenera ena onse.